Anapalira Mtunda Wonse

Kuseri kwa nyumba yomwe esiteti ya tiyi inatipatsa kuli mtunda womwe ankakumbapo miyala yothira m'misewu ya mathalakita. Anakumba, anakumba, mpaka panatsala ngati chilonda, kenako anabweretsa dothi lina n'kukwirira, n'kudzalapo timitengo ndi udzu wa vetiva m'mizere, ati mizu igwire nthaka. Nyumba yathu ndi yomalizira m'kompaundi, m'munsi mwenimweni mwa mtundawo. Mwana wanga anali wakhanda.

Mtundawo ndinkauyang'ana kuposa mwamuna wanga. Ndikamachapa, maso kumtunda. Ndikamathyola tiyi kutsidya, dengu kumsana, ndinkangocheuka kuona ngati ukadalipo, chifukwa ndinali nditamva za kwina komwe dothi linatsika ndi mvula n'kukwirira anthu ali m'nyumba, ndipo zoterezi zikalowa m'mutu sizituluka.

Dzinja loyamba litatha panamera zambiri, chisoso, tsekera, tizitsamba toyanga. Ndinayamba kupumako. Kenako kapitawo anamva kuti kukubwera mlendo wodzaona ngati malowo achira, ndiye anatenga amuna a m'kompaundi, bambo a mwana wanga ali momwemo, kuti akakonzeko. Anthu a m'tiyi kukonza amakudziwa kumodzi. Anapalira. Anapalira mtunda wonse monga apalirira tiyi wamng'ono, kusiya timitengo ndi mizere ya vetiva basi, pakati ponse dothi lofiira psuu.

Bambo ake anabwera akunyada. "Mayi a mwana, mwaonako? Ngakhale nyerere ikuonekera patali."

"Nanga udzu uja?"

"Tchire limenelo. Mlendo adzaone tchire?"

Mlendoyo anali mayi wovala jombo, atanyamula waya wopindidwa ngati felemu la zenera. Ankamuponya pansi, n'kugwada, n'kuwerenga zomera m'kati mwake. Kuponya pena, dothi. Kuponya pena, dothi. Ine ndinaima pachingwe choyanikira, mwana kumsana, kumagwiragwira zovala zomwe zinali zitauma kale.

"Ndani wapalira kuno?" anafunsa mayiwo.

Kapitawo anavula chipewa. "Ndife, madamu. Timati mupeze posamalika."

Mayiwo anakhala pamwala n'kupukuta nkhope. "Abambo, tchire lomwelo ndi limene ndinabwera kudzawerenga."

Amuna onse maso pansi. Wina kumbuyo ananong'ona kuti akanangogona kunyumba bwenzi lero akuyamikidwa, anzake n'kuseka m'mphuno. Ine sindinaseke. Miyendo inangonditenga, ndinakagwada pafupi ndi mayiwo, ngakhale ndinali ndisanalankhulepo ndi munthu wotero.

"Pepani mayi, nyumba iyo ndi yathu. Mvula ikabwera, dothili ligwira?"

"Vetiva wagwira, koma akadali wamng'ono. Pakatipa madzi adzadya. Ndikawauza a esiteti kuti ayalepo udzu wouma, adzalenso."

"Koma inu, wanu mwana mungamugoneke m'menemo?"

Anayang'ana nyumbayo, anayang'ana timiyendo ta mwana tikulendewera m'chitenje changa. "Chaka chino ayi," anatero.

Nyumba ndi ya ntchito, ukaisiya wasiya zonse. Bambo ake anati tidikire kaye udzu woumawo, ndipo a esiteti anauyaladi mbali imodzi, mbali inayo thalakita yotuta udzuwo inafa, nkhani n'kuthera pomwepo. Mitambo itayamba kuda ndinamanga timalaya ta mwana m'nsalu, ndinamuletsa kuyamwa nthawi isanakwane, n'kukamusiya kwa amayi anga ku Changata. Ndinabwerera ndekha, malaya atanyowa pachifuwa, m'mawa mwake n'kulowa m'tiyi.

Dothi silinatsike lonse. Madzi anangokumba ngalande zofiira n'kuthira matope pakhoma lakuseri, pomwe tinkayala mphasa ya mwana, mpaka chinyezi kulowa m'kati. Bambo ake anakokolola matopewo ndi khasu lomwe anapalirira lija.

Pano chisoso chayambanso kumera kumtunda, ndipo palibe akuchikhudza. Mayi wa waya uja sanabwerenso, ndiye sindikudziwa woti ndimufunse za chaka chino. Mwana ndimakamuona Lamulungu, ndikakhala ndi mphamvu yokwera zitunda. Anayamba kuyenda ine kulibe. Ndikafika amandiyang'ana kaye, atagwira chitenje cha agogo ake.