Ntchentche za Nthenga za Ababa

Ku Iminyela, lokishi yathu ya anthu akuda ku Bulawayo, kulibe mtsinje. Kuli fumbi, utsi wa sitima ndi mphepo ya mu Juni yong'amba milomo. Koma m'nyumba mwathu, pa tebulo la pawindo, ababa ankaswera tsiku lonse akumanga nyambo za nsomba imene anali asanaionepo. Ankatenga mbedza yaing'ono ngati chikhadabo, ulusi, nthenga ya nkhanga ndi ya pakhosi pa tambala, n'kumakulunga mpaka kanthuko katafanana ndi ntchentche. Loweruka ankakapereka kusitolo ya mzungu m'tauni, ndipo azungu ankapita nazo kumapiri a ku Nyanga kukawedza tirauti, nsomba yokhala m'madzi ozizira okhaokha. Ntchitoyi anaiphunzira atangofika kuchokera ku Dedza ali mnyamata. Yanga ine inali yothamangitsa atambala a eni ake n'kumawazula nthenga. Tambala wa NaSipho, mayi woyandikana nafe, anatha chaka khosi lili pamtunda, ndipo mayiyo akandiona ankakuwa mosakaniza ndi Chindebele kuti, "Wena Esinati! Uwauze abambo ako azule ndevu zawo!"

Ufulu utabwera, azungu ambiri anasamukira ku Joni ndipo ntchito inayamba kuchepa. Nthawi yomweyo ng'ala inagwira maso a ababa, moti ankamanga mongopapasa. Tsiku lina ndinawamva akuuza amayi kuti, "Anaphiri, nanga ngati nsombazo sizidya zinthuzi? Mwina moyo wanga wonse ndakhala ndikunamiza anthu. Ndikufuna ndikaone ndekha maso asanatsekeretu." Kale munthu wakuda ankapita kumitsinje imeneyo kukanyamula dengu la bwana basi, koma tsopano ankatha kudula chiphaso n'kuwedza ngati wina aliyense.

Mwini sitolo anawabwereka ndodo yowedzera yakale. Ine ababa ananditenga kuti ndiziwatsogolera. Tinakwera sitima mpaka ku Harare, kenako mabasi. Amayi anatimangira mpeni ndi mchere wodzaza kathumba, poti kwathu wopita kumadzi amabwera ndi nsomba zouma, ndipo anali atalonjeza kale nsomba kwa theka la anthu a mumzere wa nyumba zathu.

Chinali chaka cha chilala. Mtsinje tinaupeza utaphwera, miyala ili poyera, ndere zitayanga m'mbali. Komabe kwa ine, mwana wa pampopi wa mulokishi, anali madzi ochititsa mantha. Ankanunkhira masamba a paini ndipo ankaoneka mpaka pansi. Mlonda wa mtsinjewo, bambo wamtali wa yunifolomu yobiriwira, ankalankhula Chishona, ababa Chindebele chawo chopindika, mpaka anakumana pa Chilapalapa, chinenero chosakaniza cha kumigodi. Anatiuza kuti madzi akachepa chonchi amafunda dzuwa likakwera, ndipo tirauti m'madzi ofunda imabanika, ukaitopetsa imafa. Ndiye tiwedze m'mamawa mokha, ndipo chaka chimenecho nsomba iliyonse yogwidwa inayenera kubwezedwa m'madzi. Anatenga pulayala n'kuphwatalitsa kamnga ka mbedza kuti kasang'ambe kamwa la nsomba. Ataona mchere wathu anaseka mpaka kukhala pansi. Mcherewo tinabwerera nawo ku Bulawayo, ndipo amayi anaudandaula mpaka Khisimisi.

M'mawa mwake tinatsikira padziwe la m'munsi mwa mathithi, pomwe madzi ankachita thovu ndipo anali akadali ozizira. Apa ndinaona zomvetsa chisoni. Ababa, mmisiri wa ntchentche zosawerengeka, kuponya sankadziwa. Koyamba anakola mtengo, kachiwiri anakola juzi yanga. Mlonda uja sanasekenso ayi. Anawagwira dzanja, n'kumapita nalo kumbuyo ndi kutsogolo mpaka chingwe chinayamba kugona bwinobwino pamadzi. Koma kantchentche koyandamako ababa sankakaona.

"Esinati, maso anga ndiwe," anatero. "Kakamira, ukuwe."

Ndinayang'anitsitsa mpaka misozi. Mapazi anachita dzanzi pamwala wonyowa. Kantchentche kankayenda ndi madzi, n'kufika kumapeto kwa dziwe, ababa n'kuponyanso. Palibe. Dzuwa linatulukira pamwamba pa mitengo n'kuyamba kuwotcha pankhongo. Mlonda ankaviika mkono m'madzi kawirikawiri, n'kumapukusa mutu. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa ndinkadziwa kuti ulendo wina ngati umenewu sudzakhalaponso.

Mlonda atanena kuti madzi ayamba kufunda, tatsala pang'ono kuleka, ababa anapapasa m'kachitini kawo n'kutulutsa kantchentche ka nthenga ya nkhanga, kamene anamanga maso atayamba kale kuvuta. Kanali kopendekera pang'ono. Anakaponya pansi pa mthunzi wa thanthwe. Kanayenda pang'ono, kenako madzi anatukuka, kamwa loyera linatseguka, kantchentche n'kusowa.

"Ababa, kokani! Kokani!"

Mayo ine! Ndodo inapindika, chingwe chinalira, nsomba inalumpha m'mwamba n'kugwanso khuvuu. Mlonda ankawafulumiza kuti asaitopetse, ndipo posakhalitsa anailowetsa mu ukonde wake. Anawauza kuti anyowetse manja, nsombayo isatuluke m'madzi. Ababa anagwada mumtsinje momwemo ndi buluku lawo la kutchalitchi, n'kuyamba kuisisita kuchokera kumutu mpaka kumchira. Anaweramitsa nkhope mpaka mphuno kukhudza madzi, koma sizinathandize.

"Ndiuze, mwanawe. Ikuoneka bwanji?"

Ndinawauza za madontho akuda pamsana, mimba yoyera ndi mzere wofiirira m'mbali. Chichewa changa chinandithera panjira, ndinamalizira m'Chindebele, ndipo kwa nthawi yoyamba sanandikalipire.

"Nanga ntchentche ili pati?"

"Pakamwa, ababa. Yailuma yokha."

Anapapasa ndi chala mpaka anaipeza, n'kuizula pang'onopang'ono. Ndinali ndisanawaonepo akulira. Anaigwira nsombayo mutu utaloza kumtunda monga anawauzira mlonda, madzi akudutsa m'kamwa mwake, mpaka inapezanso mphamvu. Inagwedeza mchira kamodzi n'kupulumuka m'manja mwawo. Iwo anakhalabe chogwada, manja ali m'madzi, kwa nthawi yaitali.

Chaka chotsatira maso anatsekeratu. Lero sitolo ija amagulitsamo mafoni, nyambo zimabwera m'mapaketi kuchokera kunja, ndipo ana anga ndikawasimbira za agogo awo amamva bwino koma amandiyankha m'Chingerezi. Ine kumanga ntchentche sindinaphunzire, ndipo zimandiwawa. Koma chimene sindiiwala n'chakuti kale munthu akawafunsa ababa ntchito yawo, ankangoti, "Ndimagwira kwa mzungu." Atachita khungu, atakhala pakhonde padzuwa, mlendo akawafunsa funso lomwelo ankawongola msana n'kunena kuti, "Ndinkamanga nyambo za tirauti, ndipo nsomba zinkadya. Ngati mukukayika funsani Esinati. Anaona ndi iyeyo."