Mkamwana Wotulukira Pazenera

Nyumba ya boma imene anandipatsa nditayamba uphunzitsi pa Karonga inali ya chipinda chimodzi, pabalaza, ndi khomo limodzi basi. Ine ndi amuna anga tinkakwanamo bwinobwino, mpaka apongozi anga aamuna atabwera kuchokera kumudzi ndi chilonda cha pamwendo choti azikatsukitsa kuchipatala tsiku ndi tsiku.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Apongozi timawaopa kumene, koma kuopa kwa kuno ndi kwina. Mkamwana saonana maso ndi maso ndi bambo a mwamuna wake, ngakhale kungodutsana pakhomo. Tsono madalawo anayala mphasa yawo pabalaza, pomwe panali khomo lokhalo lija. Ine ndinatsala ndi zenera la kuchipinda.

M'mawa ndinkayamba kuponya nsapato panja, kenako chikwama, kenako ine amene, chafutambuyo. Dziwani kuti sindine wochepa thupi. Mawondo anasupuka, siketi yanga ya kutchalitchi inang'ambika, ndipo tsiku lina ndinatera pa bakha wa aneba. Amuna anga ankangoti, "Pirira, mwendo ukupola." Iwo akanalekeranji kupirira, poti ankatulukira pakhomo ngati anthu?

Zitandikwana, ndinapita kwa wapampando wa komiti ya nyumba, bambo wina wa konkuno woseka msanga.

"Bwana, ndikupempha nyumba yokulirapo, ya makomo awiri."

"Ana muli nawo angati, madamu?"

"Sindinakhale nawo, koma ndili ndi apongozi."

"Apongozi sitiwerenga. Tikayamba kuwerenga apongozi, Karonga yense afuna nyumba ya abwanamkubwa."

Ndinawaonetsa bondo. Analiyang'ana, nati abwera Loweruka kudzaona okha kuthinanako.

Loweruka lake amuna anga anali atapita ku Chilumba kumaliro. Ine, mwa masiku onse, ndinakhala kuseri kwa nyumba pa ndowa yovundikira, kuti madala apume momasuka m'katimo. Dzuwa la Karonga mukulidziwa, limawotcha ngati uli nalo ndi mlandu. Kenako ndinamva, "Odi! Odi kuno!" Palibe anayankha. Ndinamva chitseko chikutseguka, kenaka mapazi akuzungulira nyumba.

"Madamu," anatero wapampando atandipeza, "mwati mukuthinana? M'nyumba muja mulibe ngakhale mphaka."

"Apongozi ali pabalaza."

"Adada aja ali pansi pa mango kutsogoloku? Ayang'ana kumsewu, msana alozetsa kunyumba. Akuti amakhala pamenepo masana onse kuti inu muzilowa mwaufulu."

Abale inu! Masabata onsewo ine ndinkapsa kuseri kuwapatsa malo, iwo akupsa kutsogolo kundipatsa malo, nyumba ikupuma yokha pakati. Amuna anga, amene akanatiuza tonse awiri, analibe nazo ntchito.

Wapampando anaseka mpaka kutsamira khoma. "Nyumba yoti eni ake onse akukhala panja si yaing'ono, madamu. Yakukulirani kale."

Ndinaona nyumba yanga ya makomo awiri ikupita. Misozi inalengeza, ya mkwiyo ndi manyazi pamodzi. Pamenepo ndinamva mawu a apongozi kuchokera kutsogolo kuja, okweza, m'Chichewa chawo cholemera ndi Chinkhonde, ngati akulankhula ndi mtengo wa mango.

"Bwana, ine nikumva m'mawa uliwonse. Nsapato, phu! Chikwama, phu! Kenaka mwana wanga, phuu! Bakha analira. Mkamwana wanga si wakuba kuti azidumpha pawindo. Mumupase chitseko."

Kanali koyamba kuwamva akunditchula, ndipo anati mwana wanga. Kuyankha sindikanatha, mwambo sulola. Ndinangogwada kuseri komweko n'kuwomba m'manja mokweza kuti amve. Wapampando anasiya kuseka, nakanda m'mutu, nati nkhaniyo akaikamba ku komiti.

Za boma siziyenda mothamanga. Nyumba inatuluka mvula itatha, ya zipinda ziwiri, khomo kutsogolo, khomo kuseri. Koma apongozi anali atabwerera kumudzi, ndipo chilonda chija sichinapole monga tinkaganizira. Tinawaika m'manda tisanasamuke.

Tsiku lolowa m'nyumbamo ndinatsegula makomo onse awiri, ndinalowera kutsogolo, kutulukira kuseri, kulowanso. Amuna anga anati ndapenga. Ine ndinakhala pansi pabalaza n'kulira, chifukwa tsopano ndinali ndi khomo lothawira koma wondithawitsa panalibe.