Ng'oma ya M'chigafa

Ndimakumbukira bulangete langa lofiira, limene amalume analichotsa pamphasa n'kulipinda m'mimba mwa ng'oma. Munali mu Juni, ndili Sitandade 5, fodya atapita kale ku okushoni, chigafa chathu ku Kabudula chili chopanda kanthu.

Amalumewo, mlongo wawo wa amayi, anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni. Anzawo ankabwera ndi njinga ndi malata. Iwo anabwera akutsimphina, atanyamula laputopu yong'aluka pakona, maikolofoni imodzi ndi chopondera chachitsulo choimbira ng'oma ndi phazi. Kumeneko ankaimbira ng'oma gulu lina la nyimbo zimene ankazitcha hevi meto: magitala olira ngati chigayo, woimba akukuwa ngati akumupha. Mwendo wawo wamanja unathyoka pantchito, gululo n'kupeza wina.

Ng'omayo anaipanga okha ndi theka la mgolo ndi chikopa cha ng'ombe. Tsiku loyamba inangoti buuu, kulira kosatha. "Yanenepa iyi," anatero, ndipo ndi pamene ananditengera bulangete. Anaboola chikopa chakutsogolo n'kulowetsamo maikolofoni. Pomenyerapo anamatapo kachitsekero ka botolo kosula ndi mwala, kuti pamwamba pa du pazimveka tcha. "M'nyimbo zimenezi magitala amameza zonse, mphwanga. Ng'oma yopanda dzino imamira."

Popeza mwendo wawo sunkalimba, woponda ndinali ine, mtsikana amene kusukulu ankamuseka chifukwa cha mapazi akuluakulu. Ndikaweruka ndinkathamangira m'chigafa. Fumbi la fodya linkayoyoka m'mitengo ya denga, likutiyetsemulitsa, ine ndikuponda du-du-du-du mpaka katumba kutentha. Iwo ankamvetsera atatsinzina, kusuntha maikolofoni pang'ono, n'kuti tiyambirenso. Pa laputopu ankachotsa mawu apakati amene ankati ndi matope, n'kukweza apansi ndi apamwamba. Tsiku lina anandiveka mahedifoni. Ndinamva phazi langa likugunda m'chifuwa mwanga ngati ziphaliwali zoyenda pamzere. "Uli ndi phazi iwe," anatero. Palibe anali atandiuzapo kuti ndili ndi kanthu.

Mpaka lero sindinamvepo mawu abwino kuposa amenewo, ndipo n'chifukwa chake zotsatirazo sindinazikhululukire.

Amene anaziyamba ndi abambo, omwe anali mkulu wa mpingo. Lamulungu lina anaimirira m'tchalitchi n'kupempha mapemphero, ati pakhomo pawo palowa zasataniki. Pofika Lolemba mudzi wonse unkadziwa kuti laputopu ija imayamwa magazi. Aphunzitsi anandiimiritsa kutsogolo kwa kalasi. "Kodi ndiwe ukuimbira ziwanda, eti?" Anzanga anasuntha pabenchi, ndinatsala ndekha. Anali munthu wophunzira, aphunzitsiwo. Akanangoyenda mapazi ochepa kudzaona mgolo ndi chikopa, koma kunyoza mwana kunali kwapafupi.

Sabata yonseyo a Mvano anzawo a amayi sankawalonjera amayiwo pachitsime. Loweruka masana amayi analowa m'chigafa atagwira mpeni wosendera mbatata. Sanayang'ane aliyense. Anang'amba chikopa kuchokera pamwamba mpaka pansi, ine phazi likadali pachopondera. Amalume anavula mahedifoni pang'onopang'ono.

"Achemwali, inunso?"

Amayi anatuluka. M'mawa mwake amalume anakwera matola wopita ku Lilongwe. Sanabwererenso ali moyo. Patapita zaka ziwiri anabwera m'bokosi, ndipo abambo ndiwo analalikira pamaliro, za mwana wolowerera. Analalikira bwino, anthu mpaka kuvomera.

Ine ndinkaganiza kuti mlandu unali wanga. Ndinkati ndikanaponda mofatsa, phokoso silikanafika kutchalitchi, amalume akanakhala. Ndinayenda ndi maganizo amenewo nyengo yonseyo, ndipo mvula itagwa ndinanyamulira abambo mbande za fodya mosanyinyirika, ngati ndikulipa tchimo, iwo akuwoka m'munda wonse wakumtunda mpaka m'malire.

Sindikanadziwa pamsinkhu umenewo kuti abambo anali mkamwini chabe pamudzi paja, kuti munda wakumtundawo agogo anasiyira amalume, ndiponso kuti kutatsala masiku atatu kuti mapemphero aja apemphedwe, amalume anauza abambo mwaulemu kuti chaka chimenecho akufuna kulima mundawo okha.