Wopanda Matiresi Akwere Lole

Pakoleji ya aphunzitsi pomwe ndinkagwira ntchito yotayipa, kufupi ndi Chongwe, tinali ndi njira yathuyathu yodziwira kuti tiitane ophunzira angati chaka chatsopano. Inali nthawi ya chipani chimodzi. Mapulani ankayenera kuchokera ku Lusaka, koma ankafika sukulu itatsegulidwa kalekale. Ndiye a Pulinsipulo ankangoti, "Mayi, mudziwa kale mochitira."

Ndinkapita kumahositelo kukawerenga mabedi, kenako n'kutayipa makalata ochuluka kuposa mabediwo, poti chaka chilichonse ena sankabwera. Wina wakwatiwa, wina wapeza ntchito kumigodi, wina kalata yake yagona m'thumba la akatekisiti miyezi itatu. Sindinkaphonya, ndipo ndinkadzitama nazo zedi.

Chaka china ufa unasowa m'masitolo, ntchito nazo zinasowa, ndipo mbiri inawanda yoti kukoleji amadya katatu pa tsiku. Anabwera onse. Onse! Ngakhale mtsikana amene ndinamva kuti anakwatiwa anatulukira, mwamuna wake atamusenzera sutikesi.

A Pulinsipulo anandiitana thukuta lili kamukamu. "Mayi, mwaitana dziko lonse?"

Zaka zonsezi ankandiyamikira, lero ndaipa? Ndinati, "Anasaina ndinu, bwana."

Anatuluka n'kukalengeza pakhonde kuti amene adzapezeke ndi matiresi a koleji Lachisanu ndiye wophunzira wathu, wopanda matiresi akwere lole abwerere kwawo.

Mayo ine, zomwe ndinaona sabata imeneyo! Palibe amene ankasiya matiresi pabedi. Kokadya, matiresi pamutu. Kuchimbudzi, matiresi pamutu. Anyamata awiri anagwira amodzi, uyu kuno uyu uko, nayenda masiku awiri ngati ng'ombe zapagoli, osalankhulana. Wapampando wa chipani atabwera kudzalandira ophunzira, analankhula mpaka kusasa mawu, koma palibe anaomba m'manja poti manja onse anali m'mwamba. Anachoka atakwiya, akuti koleji yathu ili ndi mzimu woukira.

Lachinayi masana, matiresi onse atatha, panafika ngolo ya ng'ombe kuchokera kumidzi ya kumishoni. Munatsika mtsikana wowonda ndi bambo ake. Bamboyo anavula chipewa pakhomo pa ofesi yanga.

"Mayi, mwana wanu ndi uyu. Mpingo wonse unamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo ansembe anamudalitsa. Kwathu sikunatulukepo mphunzitsi."

Ndisanatsegule pakamwa, anali atakwera kale ngolo, akuthamangira kuwoloka mtsinje dzuwa lisanalowe. Mtsikanayo anamasula kansalu, natulutsa kalata yomwe ndinatayipa ine ndemwe. Nditamufotokozera za lamulo lija, sanalire. Anangofunsa motsitsa mawu, "Amayi, nikabwerera, nizakamba chani kunyumba?"

Ndinachita manyazi oopsa. Ndinathamangira kunyumba kwathu, kuseri kwa ofesi, n'kupeza abambo akunyumba atagona pabedi, akupumula atadya.

"Dzukani!"

"Kwagwanji?"

Ndinakoka matiresi iwo asanatsike bwino, mpaka anakhala pansi, phi! Anandiyang'ana ndikupinda matiresi athu a ukwati, nati, "Amake mwana, kodi banja latha?" Ndinati tikambirana madzulo.

Kuofesi ndinatenga chidindo cha koleji n'kudinda pangodya zonse zinayi. Wosunga katundu anawayang'ana, nawatsina. A koleji anali opyapyala ngati chikopa cha mbuzi, awa anali onenepa, a maluwamaluwa.

"Aya ni ya koleji, ba Madamu?"

"Simukuona chidindo? Lembani dzina la mwanayu!"

Analemba. Mtsikanayo anawasenza, osaoneka n'komwe pansi pake, miyendo yokha ikuyenda. Ife tinagona pamphasa mpaka mvula ina, abambo akudandaula msana m'mawa uliwonse.

Lachisanu lole inabwera. Ndinadzitsekera muofesi, ndikumenya makina opanda pepala kuti ndisamve mabokosi akukwezedwa. Wina anagogoda pawindo. Anali mmodzi wa anyamata awiri aja, amene anagonja. Anandipatsa kalata yake, yosapindika ngakhale pang'ono.

"Sungani, amayi. Kapena muzaitanirako wina."

Ndinailandira. Kunyumba kunalibenso matiresi ena.