Ndinatsuka Mpira wa Madala

Inu owerenga, ukhondo umene ndinkanyadira ndi umene unandilakwitsa. Ndine mayi wochokera ku Balaka, ndipo ndimasamalira mzungu wina wokalamba ku Bethesda, m'dziko la America, wa zaka zoyandikira 100. Ndimawatchula kuti Madala.

Madalawa ndi oiwalaiwala, ngakhale dzina la mwana wawo limawathawa. Koma anali ndi kampira ka besibo, masewera aja omenya mpira ndi chibonga, kamene ankakasunga m'sokosi. Akangokatulutsa, nkhope inkawala. Ankakatembenuza, chala chikuyenda pang'onopang'ono, n'kumatchula mayina a osewera mmodzimmodzi.

Abale, nkhani yake inali yokoma! Zinali za m'ma 1930, umphawi utavuta ku America kuno, bambo awo atachotsedwa ntchito. Chaka chimenecho timu ya ku Washington inkangokwapula anzake mpaka inafika kumasewera omaliza. Anthu ovala nsapato zobooka ankaunjikana pa wailesi imodzi, n'kumakuwa ngati adya n'kukhuta. Mpirawo anauwakha ndi bambo awo kubwalo. Ine amene besibo sindinkaidziwa n'komwe, ndinkapezeka ndaimirira, mopu ili m'manja, ndikukuwa kuti thamanga!

Tsiku lokumbukira kubadwa kwawo likuyandikira, ndinati achibale akabwera aone kuti m'nyumba muno muli Mmalawi. Ndinachapa makatani, ndinakwecha mapoto. Kenako maso anagwa pa kampira kaja. Kanali bii, kodzaza timizeremizere tofiirira ngati poyenda nyerere. Ndinati chinthu chokondedwa chonchi chioneke chauve pamaso pa alendo? Ndinakanyika m'bulichi, mankhwala aja oyeretsa zovala, n'kukakwecha ndi burashi mpaka mbee. Ndinkachita kuimba nyimbo ya kwaya.

Pa tsikulo ndinakapereka kwa Madala monyadira. Mwana wawo wamkazi anangogwira pakamwa, misozi mbwee. Timizere tija sitinali litsiro. Anali mayina amene osewera a chaka chija anasaina ndi manja awo, inki itazilala ndi zaka. Madala sankawatchula pamtima ayi, ankawerenga pa mpirapo, ndipo nkhani yonse inkayambira pamenepo.

Madala anakatembenuza kawiri, chala chikufunafuna poyambira. Kenako anandibwezera mwaulemu n'kufunsa, "Kodi n'ka ndani aka?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ntchito achibalewo sanandichotse, koma bola akanandikalipira, chifukwa Madala sanafotokozenso nkhani ija mpaka lero.

Masiku ano masana aliwonse ndimakhala pambali pawo n'kuwafotokozera ndine, mmene ndinaigwirira, ndi kukuwa komwe. Amaseka, amaomba m'manja, amandifunsa ngati timuyo inapambana.

Anzanga osamalira okalamba, safunsa anadya phula. M'nyumba za eni, musanagwire sopo, funsani kaye kuti chakudachi chinada bwanji. Ine dzulo lomweli Madala anandigwira dzanja n'kundiuza kuti, "Bambo ako anali amwayi kwambiri kuwakha mpira umenewo."