Kamzere kokhota ka ku Bwanje

Achimwene, lero foni yandikumbutsa chithunzi chija, ati patha zaka zitatu. Ena akachiona amangoona mdima ndi kamzere kokhota. Ine ndimaona tsiku lomwe tinamenya mpunga ku Bwanje, ngolo n'kuchedwa, ife n'kudikirira pamatumba mpaka kunja kunada. Munakwirira foni yanu theka m'thumba la mpunga losasoka kuti isagwedezeke, kamera italoza kumwamba. Mutandilozera nyenyezi yowala yotchedwa Jupita munati, "Tadala, setilaiti ikubwera, ioneka ngati nyenyezi yoyenda. Usasunthe." Ine n'kuti nditatsamira thumba lomwelo. Udzudzu unandiluma pamwendo, ndinaumenya, thumba n'kugwedezeka. Mzere wa setilaiti pachithunzipo, womwe unayenera kuwongoka, unakhota ngati chikwakwa. Munakalipa, "Iwe, udzudzu umodzi wokha ungakuphe?" Ndinakwiya, sindinakuyankhuleni njira yonse. Tikufika pa Golomoti munaseka n'kunena kuti, "Basi mwana wa amayi, idutsanso mawa."

Chaka chimenecho chisanathe malungo anakutengani, ndipo funso lanu lija limandipwetekabe mpaka lero. Pakhomo pano palibenso amene amayang'ana kumwamba, kupatula pofuna kudziwa za mvula. Dzulo titamaliza kumenya mpunga anzanga anapita, ine ndinatsalira ndekha. Ndinakwirira foni m'thumba monga munkachitira. Setilaiti inadutsadi, achimwene, simunaname. Udzudzu unandiluma miyendo yonse koma sindinasunthe ngakhale pang'ono, ndipo mzere unatuluka wowongoka bwinobwino. Ndinatembenuka msanga kuti ndikuonetseni. Pambali panga panali matumba okhaokha.