Zumreta Anayambira Kumapeto

"Bwerera kunyumba."

"Koma sindinalakwitse ngakhale liwu limodzi!"

"Wakuuza ndani?"

"Ndadzimvera ndekha. Ndayerekeza ndi wowerenga wa pafoni, zikufanana ndendende."

"Foni imeneyo inayamba yakuuzapo kuti walakwitsa?"

Amene ankafunsa Zumreta chonchi anali mayi Fikreta, hafiza wokalamba wa m'tauni yathu ya Maglaj, amene anasunga pamtima Buku lonse la Allah asanakwatiwe n'komwe. Anali atakhala pakapeti, khutu lamanja atalilozetsa kwa mlendoyo.

"Walowa muno ngati wodzatenga katundu wake," anatero mayiwo. "Salamu wapereka uli chiyendere. Khofi wazizira osamukhudza. Watseka maso, nkhope waloza kuzenera, n'kuyamba kuthamanga ngati basi yakusiya. Ine ndinakupempha kuti uwerenge? Pita, mwanawe. Lero unabwera kudzandionetsa. Tsiku limene udzafune kuphunzira, khomo ndi lomweli."

Inu amene munagwapo anthu akuona, musapite patali. Nkhaniyi ndi yanu.

Zumreta anakula wopanda bambo, koma kusukulu palibe ankamupeza. Atasankhidwa kukaphunzira masamu ku yunivesite ya ku Sarajevo, msewu wonse unamuperekeza kukakwera basi. Anabwerako ndi sutikesi yomweyo, wopanda pepala lililonse. Mutu sunali vuto. Mutuwo unali wakuthwa mpaka kumacheka mwiniwake. Vuto linali lakuti kwa Zumreta, kukweza dzanja n'kunena kuti "sindinamve" kunali ngati kuvula pamsika. Ankakonda kulephera yekha kusiyana ndi kukhoza mothandizidwa, ndipo yunivesite inamupatsa zimene ankakondazo.

M'nyengo yozizira ya chaka chomwecho amayi ake anamwalira. Amayi oyandikana nawo atasonkhana m'nyumba kudzawapempherera, anapatsirana Buku mpaka linafika kwa iye, wophunzira wa m'banjamo. Anaphunthwa pa mzere woyamba, n'kuphunthwanso pa wachiwiri. Mayi wina woyandikana nawo anangolitenga m'manja mwake mwakachetechete n'kupitiriza. Palibe anaseka. Kukanakhala bwino akanaseka.

Tsiku limenelo Zumreta analumbira kuti adzaliloweza lonse. Monga mwa chizolowezi chake, sanauze munthu. Anawerengetsa masamba, kugawa ndi masiku, n'kupeza kuti chaka chimodzi chikwana. Ankaloweza ndi foni m'makutu uku akukanda ufa m'kashopu ka mlongo wake Hajrudin, kogulitsira pita, chakudya cha mu uvuni cha ufa wopyapyala wokutira nyama kapena tchizi. Atamaliza chigawo choyamba anapita nacho kwa mayi Fikreta ali nyanganyanga. Zimene zinachitika kumeneko mwaziona kale.

"Akupirikitsa, eti?" anatero Hajrudin atamuona nkhope. "Sarajevo yakukana, Maglaj yakukana. Kwatsala kuti, pulofesa? Kumwezi?"

"Achimwene, ndisiyeni."

"Ndakusiya. Tambasula ufawo, ufawo sufunsa digiri." Anatulutsa thireyi mu uvuni, n'kulankhula osamuyang'ana. "Koma ukafuna kubwererako usachedwe. Mpongozi wawo amagula pano. Akuti khutu lamanzere linafa kale, lamanja likulondola mnzake, ndipo madokotala akweza manja. Mayi wina womvera oloweza Buku m'tauni muno ukamupeza kuti?"

Kwathu kuno tsamba limene mphunzitsi sanalimve ndi khutu lake silinalowezedwe, ngakhale utalidziwa bwanji. Ndiye panali khutu limodzi lotsala, ndi mtsikana mmodzi wonyada. Chimodzi mwa ziwirizi chinayenera kutha msanga.

Zumreta anabwerera. Anagogoda n'kudikira. Anapereka salamu ataima, anakhala pamene anamulozera, anamwa khofi mpaka kumapeto. Kenaka ananena mawu amene zaka zonse za ku Sarajevo anakanika kutuluka m'kamwa mwake.

"Amayi, sindidziwa kanthu. Ndiphunzitseni."

"Eya, tsopano walowa," anatero mayi Fikreta. "Uzibwera uli ndi udhu, utasamba ngati wokapemphera. Uzikhala apa, maondo ako pafupi ndi anga. Nkhope m'mwamba, maso kwa ine, pakamwa potsegula, ndipo pang'onopang'ono. Ndikakudula, usadziteteze, ungobwereza. Pamene wakayika, funsa. Mawa ubweretse tsamba lomaliza la chigawo choyamba."

"Lomaliza? Komatu chigawo chimenecho ndachiloweza kale chonse."

"Chiiwale."

Umu ndi mmene timalowezera kuno. Buku lili ndi zigawo makumi atatu, ndipo chilichonse chili ndi masamba makumi awiri. Wophunzira amayamba ndi tsamba lomaliza la chigawo choyamba, kenaka lomaliza la chachiwiri, chonchobe mpaka zigawo zonse zitatha. Akatero wazungulira kamodzi. Amabwereranso koyambirira kukatenga tsamba loyandikana ndi lomaliza lija, n'kuwerenga latsopanolo pamodzi ndi lakale. Kuzungulira kulikonse katundu amalemera, ndipo munthu amayenda chobwerera m'mbuyo mpaka atafika pa tsamba loyamba.

Kwa munthu wa masamu izi zinali chipongwe. Zinali ngati kumanga nyumba ya zipinda makumi atatu poika njerwa imodzi m'chipinda chilichonse. Anadikira mpaka phunziro litatha, n'kufunsa chifukwa chake.

"Wafunsa bwino, ndipo wafunsa nthawi yake," anatero mayiwo. "Yankho udzandiuza ndiwe."

Sabata zoyamba zinali zowawa. Zilembo zapakhosi zimene anaphunzira pafoni ankazitulutsira pamalo olakwika, ndipo foni inali itamulola kuzilakwitsa mwamtendere kwa miyezi. Mayi Fikreta ankamudula mzere uliwonse. Tsiku lina Zumreta anabwera ndi masamba atatu m'malo mwa limodzi. Mayiwo anamvera limodzi n'kutseka Buku.

"Amayi, komatu nthawi..."

"Ukunena makutu anga? Makutu ndi anga. Iwe samala pakamwa pako."

Zumreta anapitiriza. Ankakanda ufa milomo ikuyenda. Chipale chofewa chinagwa n'kusungunuka, zipatso za mapulamu zinapsa n'kutha, chipale chinagwanso. Anzake a ku yunivesite ankabwera patchuthi atavala zamaofesi, n'kumagula pita kwa iye akuyang'ana kumbali. Hajrudin ankadandaula m'mawa uliwonse kuti wantchito wake amathawa nthawi ya makasitomala, koma ndi iye yemwe ankamuvula epuloni.

"Nyamuka, pulofesa, wachedwa. Wauze agogowo kuti ndikuwatumizira ya tchizi, asamakuzunze kwambiri."

Wina akamufunsa kuti waloweza zigawo zingati, Zumreta ankayankha zoona: palibe ngakhale chimodzi. Chilichonse chinali ndi mchira wopanda mutu. Anthu ankagwedeza mitu mwachisoni, poganiza kuti mtsikana uja walepheranso.

Chaka ndi chaka mayi Fikreta ankasendera pafupi. Anagulirwa kamakina kam'khutu, kanathandiza kwa kanthawi, kenaka kanangosanduka chokongoletsera.

Ndiye linafika tsiku. Zumreta anali atadutsa pakati pa ulendo. Mu Buku muli mizere ina yofanana kwambiri ndi ya m'zigawo zina, yosiyana liwu limodzi lokha. Akuwerenga, lilime linaterereka n'kutenga liwu la kwina. Anadzimva yekha. Anadikira kudulidwa.

"Pitiriza," anatero mayi Fikreta akugwedeza mutu.

Anapitiriza, anamaliza, anatsanzika. Pakhomo anavala nsapato imodzi n'kuima. Palibe anadziwa. Akanakonza yekha kunyumba, monga ankachitira moyo wake wonse. Akanena, ndiye kuti wauza mayi wokalamba kuti ntchito yake yatha, ndipo iye mwini watsala wopanda mphunzitsi, ali ndi michira makumi atatu m'mutu.

Anavula nsapato ija n'kubwerera m'nyumba.

"Amayi, ndinalakwitsa pamunsi pa tsamba. Simunamve."

"Wati chiyani?"

Anachita kubwereza mokweza, ndipo kubwerezako kunamupweteka kuposa kulephera kwa ku Sarajevo.

Mayi Fikreta anachotsa kamakina kaja n'kukaika pambali pa kapu.

"Ndiye khutu lapita," anatero. "Ndikutumiza ku Zenica. Kuli mayi wina wa makutu abwino."

"Mukandilamula ndipita. Koma ndikupempha chilolezo chotsala."

"Gonthi akuphunzitsa chiyani?"

Zumreta anakweza nkhope, n'kulankhula pang'onopang'ono, pakamwa potsegula. "Mwandimva bwanji tsopano?"

Mayiwo anamuyang'ana milomo, kenaka anaseka misozi ikutsika.

"Kodi munkakonzekera tsiku lino pamene munkandiletsa kuweramitsa mutu?" anafunsa Zumreta.

"Ine? Ndinangokuphunzitsa mmene anandiphunzitsira. Wokonzekerayo ndi Allah. Sendera kuno."

Kuyambira tsiku limenelo maondo awo ankagundana. Mayi Fikreta ankawerenga milomo ya Zumreta ndi maso, zala ziwiri atazigunditsa pakhosi pake kuti amve pamene chilembo chikutulukira. Koma sanadzinamize. Anapempha imamu wa mzikiti wathu kuti Lachisanu lililonse azimumveranso masamba a sabata yonse.

"Ndimakukonda, mwana wanga," anatero, "koma chikondi si khutu."

Kuzungulira komaliza kutayandikira, mipata inayamba kutsekeka. Tsamba limodzi likalowa, chigawo chonse chinkaima chathunthu, mawa china, mkuja china. Nyumba ija inafoleredwa zipinda zonse nthawi imodzi, ndipo panalibe chipinda chimene chinagwa podikira zinzake, pakuti chilichonse ankachiyendera pa kuzungulira kulikonse.

"Amayi, yankho lija ndalipeza," anatero Zumreta tsiku lina. "Njira imeneyi siilola kuti chigawo china chiiwalike."

"Zimenezo aliyense amadziwa. China?"

Zumreta anaganiza. "Siipatsa munthu choti akaonetse anthu asanamalize."

"Pulofesa wakhoza," anatero mayiwo. Dzina lija linali litawafika kudzera m'mapita a tchizi.

Zumreta anabwerera kukayesedwa ku Sarajevo, mzinda umene anachokako ataweramitsa mutu. Kwa masiku ambiri anakhala pamaso pa mahafizi akuluakulu, n'kuwerenga Buku lonse pamtima, nthawi ino kuyambira koyambirira. Pamene anamudula, anabwereza osadziteteza. Tsiku lomaliza wamkulu wawo anamufunsa dzina la mphunzitsi wake, ndipo atalimva anaika dzanja pachifuwa.

Pa dua yake, pemphero lothokoza kuti wamaliza, mzikiti wa ku Maglaj unadzaza mpaka pabwalo. Hajrudin anatseka shopu, anaphika usana wonse wadzulo lake, ndipo ankagawa pita kwa aliyense wodutsa.

"Idyani, lero n'zaulere! Mlongo wanga ndi hafiza! Ndinamulera ndine, ufa wanga ndi umene wakhwimitsa mutuwo!"

Mayi woyandikana nawo uja, amene anamulanda Buku pa maliro, analipo kutsogolo, mpango utanyowa. Zumreta anawerenga tsamba lomwe lija linamukanika tsiku lopempherera amayi ake. Mayi Fikreta anakhala moyang'anizana naye. Sanamve kalikonse, ngakhale kulira kwa amayi onse aja, koma milomo yawo inkayendera limodzi ndi yake, liwu ndi liwu, mpaka kumapeto.

Anthu atayamba kumukumbatira, Zumreta anawadutsa onse n'kukapsompsona dzanja la mphunzitsi wake. Mayiwo anamukokera pafupi. Poti sankadzimva, analankhula mokweza mpaka mzikiti wonse unamva:

"Unathamanga pa mzere wachiwiri! Mawa ubwere!"

Mzikiti wonse unaphulika ndi kuseka. Ndipo mawa lake anapitadi.

Lero atsikana a m'tauni muno amagogoda pakhomo la Zumreta. Ena amalowa ndi mafoni m'makutu, atawerengetsa kale masiku. Iye amawathirira khofi n'kudikira kuti aone ngati amwe.

Ndiye inu amene munabwerako ndi sutikesi yopanda kanthu, inu amene anthu amakufunsani kuti mwafika pati n'kusowa chowaonetsa, mtima usagwe. Michira muli nayoyo idzapeza mitu yake. Maphunziro a chipembedzo sagwera munthu woima patali, ndipo salowa mwa munthu wodzaza kale. Amafuna munthu wogogoda, wokhala pansi, wokweza nkhope, wovomera kudulidwa, wobwerera kukanena yekha kuti walakwitsa ngakhale palibe wamumva. Zumreta anali ndi mutu wabwino kuyambira kale, koma mutuwo unayamba kumuthandiza tsiku limene anauweramitsa pakhomo la mphunzitsi. Dzukani, pitani, musafooke. Makutu amene akanakumverani sadzadikira mpaka kalekale.

Kodi inu munamaliza liti kuuza munthu kuti, "Sindidziwa, ndiphunzitseni"?